Kuyenda Wapansi ndi Kugona mu Tenti m'Paki ya m'Mphepete mwa Nyanja Yamchere

Njira ya m'mphepete mwa nyanja yamchere imatseguka ndi kutsekeka yokha, nthawi zambiri kawiri pa tsiku. Pamalo pamene m'mawa mwadutsa mukuponda mchenga wouma, masana pamakhala madzi ofika m'khosi, mafunde akumenya thanthwe. Apa m'pamene ulendo wa kugombe umasiyanirana ndi wa kuphiri kapena wa m'nkhalango. Kuphiri munthu amanyamuka nthawi imene wafuna. Kugombe nthawi yonyamuka, yopuma, yowoloka mtsinje ngakhalenso malo ogona, zonse amazisankha potengera madzi. Malangizo ali m'munsiwa akutsata ndondomeko imene muyenera kutsata pokonzekera, kuyambira kunyumba mpaka tsiku lotuluka m'paki.

Yambani ndi tchati cha madzi, osati chikwama

Musanagule kalikonse, pezani tchati chosonyeza nthawi imene nyanja imadzaza ndi kuphwa pa gombe limene mukupitalo. Chimapezeka ku ofesi ya paki, kumadoko, ndi pa intaneti. Chikhale cha doko loyandikana kwambiri ndi njira yanu, chifukwa magombe awiri otalikirana makilomita 100 akhoza kusiyana nthawi ndi ola lathunthu. Onetsetsaninso kuti maola olembedwawo ndi a wotchi ya dziko limenelo pa nyengo imeneyo, popeza mayiko ena amasuntha wotchi ndi ola limodzi m'chilimwe. Chisindikizeni papepala ndipo muchiike m'kathumba kapulasitiki kotseka bwino. Foni imatha moto, pepala satha.

M'magombe ambiri nyanja imadzaza kawiri ndi kuphwa kawiri pa tsiku. Kuchokera pa kudzaza kumodzi kufika pa kudzaza kwina pamadutsa maola 12 ndi mphindi pafupifupi 25, kutanthauza kuti tsiku lililonse nthawiyo imachedwerako ndi mphindi pafupifupi 50. Ngati lero madzi aphwa 8 koloko m'mawa, mawa aphwa cha m'ma 8:50, mkuja cha m'ma 9:40. Pa ulendo wa masiku asanu kusiyanaku kumapitirira maola atatu, ndiye munthu amene analoweza nthawi ya tsiku loyamba n'kumaigwiritsa ntchito ulendo wonse amapezeka ali pansi pa phompho madzi akubwera. Alipo magombe ena amene amadzaza kamodzi kokha pa tsiku, n'chifukwa chake simuyenera kuwerengera pamtima.

Kukula kwa madzi kumatsata mwezi. Mwezi ukakhala wathunthu ndiponso ukakhala kumdima, dzuwa ndi mwezi zimakoka madzi mogwirizana, ndipo nyanja imadzaza kwambiri n'kuphwanso kwambiri. Izi zimachitika pafupifupi masabata awiri aliwonse, ndipo zimafika pachimake patapita tsiku limodzi kapena awiri. Masiku amenewa ndi abwino powoloka chifukwa madzi amapita kutali, koma ndi oopsa pogona chifukwa usiku madzi amafika pamene sanafike masiku onse apitawo. Mwezi ukakhala theka, kusiyana kwa kudzaza ndi kuphwa kumachepa, ndipo malo ena opanikizika satseguka n'komwe.

Chinthu china chimene anthu ambiri sachidziwa n'chakuti madzi sakwera pa liwiro limodzi. Pa maola asanu ndi limodzi amene nyanja imatenga kuti idzaze, ola loyamba imakwera pang'ono, lachiwiri imawonjezera, lachitatu ndi lachinayi imathamanga, kenako imafatsanso. Oyenda panyanja amagawa msinkhu wonsewo m'magawo 12: ola loyamba gawo limodzi, lachiwiri magawo awiri, lachitatu atatu, lachinayi atatu, lachisanu awiri, lomaliza limodzi. Tiyerekeze kuti pa gombe lanu madzi amakwera mamita 3.6. Ola loyamba akwera masentimita 30 okha, ndipo mukhoza kuganiza kuti nthawi ilipo yambiri. Ola lachiwiri akwera 60. Lachitatu 90, lachinayi 90 enanso. Theka la madzi onse limabwera m'maola awiri apakatiwo. Pa gombe lathyathyathya, masentimita 90 amenewa amadya mchenga wa mamita ambirimbiri, ndipo madzi amayamba kudzaza m'makwawa a kumbuyo kwanu musanaone kuti mwazunguliridwa.

Lembani pa mapu malo otsekeka

Tengani mapu a paki ndi pensulo. Lembani chizindikiro paliponse pamene njira ikudutsa pansi pa phompho, pamene thanthwe lalowa m'nyanja, ndi pamene mtsinje ukuthira m'nyanja. Pambali pa chizindikiro chilichonse lembani nthawi imene madzi aphwe tsiku limene mufike pamenepo. Kenako werengani chobwerera m'mbuyo kuti mudziwe ola lonyamuka pamsasa.

Lamulo labwino ndi lakuti mufike pamalo otsekeka madzi akadali kuphwa, ola limodzi kapena awiri asanafike pansi penipeni. Mukatero, nyanja ikukupatsani malo mphindi iliyonse, ndipo wina akapweteka bondo muli ndi nthawi yomuthandiza. Kufika madzi atayamba kale kubwerera ndi kuthamangitsana ndi chinthu chimene sichitopa. Mapaki ena amalemba malire ake momveka bwino. Ku Abel Tasman National Park ku New Zealand, pamathiriro a mtsinje wa Awaroa amaloleza kuwoloka kuyambira ola limodzi ndi theka madzi asanaphweretu mpaka maola awiri ataphwa. Pa Otter Trail ku South Africa, ulendo wa masiku asanu woyambira ku Storms River Mouth kukathera ku Nature's Valley, tsiku lachinayi lonse amalikonza potengera mtsinje wa Bloukrans, ndipo ngati madzi akuphwa m'mawa kwambiri anthu amanyamuka kukadali mdima ndi matochi.

Powerengera nthawi, pa njira yolimba munthu amayenda makilomita 4 kapena 5 pa ola, n'kuwonjezera ola limodzi pa mamita 600 aliwonse okwera. Kugombe musadalire liwiro limeneli. Pa mchenga wofewa mutanyamula katundu, werengerani makilomita 2 kapena 3 pa ola. Pa miyala ikuluikulu yodumphadumpha, kilomita imodzi ikhoza kukudyerani ola lathunthu. Njira zambiri za m'mphepete mwa nyanja zimatsika ku gombe n'kukweranso phiri kangapo pa tsiku, moti ngakhale simukwera phiri lalitali, miyendo imamva ngati mwakwera. Ngati ndi ulendo wanu woyamba, musapitirire makilomita 10 kapena 12 pa tsiku.

Lembaninso njira zothawira, zija zimene zimachoka ku gombe kukwera kumtunda. Ambiri amangoziona pa mapu osazisamala, koma ndi zimene zimapulumutsa madzi akakutsekerani.

Chilolezo ndi uthenga wosiya kunyumba

Mapaki ambiri amafuna chilolezo chogonera, ndipo njira zotchuka zimalandira anthu owerengeka pa tsiku, moti malo amatha miyezi ingapo pasadakhale. Pofunsa chilolezo funsaninso zinthu zinayi izi: ngati moto wa nkhuni ndi wololedwa, kumene kuli madzi akumwa pa nyengo imeneyo, nyama zimene zimavutitsa pamsasa, ndi mbali za gombe zimene zatsekedwa chifukwa cha mbalame kapena akamba oikira mazira. Kunyumba siyani pepala kwa munthu wodalirika, lolembapo njira yanu, malo ogona usiku uliwonse, tsiku ndi ola lotuluka, nambala ya ofesi ya paki, ndi ola limene ayenera kuimba ngati simunamveke. Pansi pa maphompho netiweki imasowa kawirikawiri.

Katundu

Chikwama chodzaza chisapitirire gawo limodzi mwa magawo asanu a kulemera kwa thupi lanu. Munthu wa makilogalamu 70 anyamule osapitirira 14, madzi ali momwemo. Cha malita 50 mpaka 65 chimakwana pa ulendo wa masiku atatu kapena asanu. M'kati mwake yalani thumba lapulasitiki lolimba, lalikulu, ndipo zonse zosafunika kunyowa zilowe m'menemo, kukamwa kwake mupotokole n'kupinda. Chivundikiro cha kunja kwa chikwama chimathandiza pa mvula, koma mukaterereka powoloka mtsinje sichiletsa madzi. Chikwama chogonamo ndi zovala zogonera muziikenso m'thumba lachiwiri. Zolemera, monga madzi ndi chakudya, zikhale pakati pafupi ndi msana.

Tenti ikhale ya nsalu ziwiri, yamkati ndi yakunja, yaifupi msinkhu kuti mphepo izidutsa pamwamba, ndipo ikhale ndi zingwe zake zonse za m'mbali. Onjezerani chingwe china cha mamita 15. Nsapato zikhale zimene mwaziyendera kale, za mphira wogwira pa mwala wonyowa. Masokosi a ubweya kapena a nsalu zouma msanga, mapeyala atatu, imodzi ikhale yogonera basi. Zovala za thonje zikanyowa ndi madzi amchere siziuma bwino chifukwa mchere umakoka chinyontho, ndipo zimakhula khungu m'mphechepeche ndi m'khwapa. Tengani jekete loletsa mvula ndi mphepo, juzi lofunda ngakhale kukhale kotentha, chipewa cha mlomo waukulu chokhala ndi chingwe cha pachibwano, magalasi a dzuwa, ndi mafuta oteteza khungu ku dzuwa olembedwa SPF 30 kapena kuposa pa botolo. Dzuwa la kugombe limawotcha kuchokera kumwamba ndi pansi pomwe, chifukwa madzi ndi mchenga zimabweza kuwala, ndipo kamphepo kozizira kamabisa kuti mukupsa. Dzolani maola awiri aliwonse, osaiwala makutu, khosi ndi pamwamba pa mapazi.

Zotsalazo ndi zodziwika: mapu, kampasi, wotchi ya pamkono, tochi ya pamutu ndi mabatire ena, wezulo, mpeni, machesi m'kabotolo kotseka ndi laita, kafosholo kakang'ono, matumba a zinyalala, ndi bokosi la chithandizo choyamba lokhala ndi mabandeji, pulasitala wa matuza, mankhwala otsukira bala, kopanira kozulira minga ndi nkhupakupa, ndi mapaketi a ORS.

Madzi akumwa

Kugombe madzi ali paliponse koma akumwa ndi osowa. Lita imodzi ya madzi a m'nyanja ili ndi mchere pafupifupi magalamu 35, ndipo impso zimafuna madzi ochuluka kuposa amene mwamwawo kuti zichotse mcherewo, choncho kumwa kumangowonjezera ludzu. Sefa wamba wa paulendo sachotsa mchere, kuwiritsanso sikuchotsa.

Werengerani malita 3 kapena 4 pa munthu pa tsiku akumwa okha, kukatentha kwambiri kuposa pamenepo, n'kuwonjezera lita imodzi kapena awiri ophikira. Potunga mumtsinje wothira m'nyanja, kwerani kumtunda mpaka mutadutsa pamene madzi a nyanja amafika ikadzaza. Mudzadziwa poona zomera: pamene payambira udzu ndi zitsamba za kumtunda, komanso pamene zinyalala za m'nyanja zalekezera. Nyowetsani chala n'kulawa. Ngati mukumva kamchere, kwerani ndithu. Nthawi yabwino yotunga ndi pamene nyanja yaphwa. Madzi ofiirira ngati tiyi a m'mitsinje ina ya m'nkhalango asakuopseni, mtunduwo umachokera ku masamba, koma muwatetezebe ngati ena onse. Wiritsani mpaka abwadamuke kwa mphindi imodzi yathunthu, kapena sefani, kapena ikani mapiritsi a kolorini motsatira zolembedwa pa paketi, nthawi zambiri kudikira mphindi 30. Madzi amatope ayambe adikha kaye, chifukwa matope amatseka sefa ndipo amafooketsa mankhwala.

Mkodzo ukayamba kuda ndi kuchepa, mutu n'kumawawa, thupi likusowa madzi. Ngati mapaketi a ORS atha, sungunulani masupuni aang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi abwino, n'kumamwa pang'onopang'ono pamthunzi.

Mmene mungayendere pa mchenga ndi pa miyala

Mchenga wabwino kuyendapo ndi wonyowa umene madzi angochokapo kumene, wolimba ngati pabwalo. Wouma wa kumtunda umameza phazi ndipo umatopetsa akatumba msanga. Fupikitsani mapazi, pondani ndi phazi lonse m'malo mokankha ndi zala, ndipo ngati mnzanu watsogola pondani m'mapazi ake. Gombe lopendekeka limapweteka bondo ndi chiuno cha mbali imodzi, ndiye muzisinthasintha mzere. Mchenga ukalowa m'nsapato imani pomwepo, khuthulani, kung'unthani sokosi. Timchenga tochepa pakati pa zala tonyowa ndi thukuta timasupula khungu m'maola awiri okha. Pamene mwayamba kumva kutentha pa chidendene, matani pulasitala tuza lisanatuluke.

Pa miyala, yang'anani mtundu. Mwala wouma wotuwa umagwira. Wobiriwira kapena wakuda wonyezimira uli ndi ndere ndipo umaterera ngati sopo. Mwala wokhala ndi tizigoba tolimba tomata umagwira nsapato bwino, koma mukagwerapo timacheka ngati lumo, ndipo bala la pamenepo liyenera kutsukidwa bwinobwino ndi madzi akumwa chifukwa limatukusira msanga. Manja akhale opanda kanthu, ndipo musadumphe ndi chikwama cholemera kupita pa mwala umene simunauyese.

Musaipatse nyanja msana. Mafunde sabwera ofanana. Pakhoza kudutsa mphindi 10 kapena 20 za mafunde aang'ono, kenako limodzi lalikulu n'kukwera kutali kuposa onse. Musanadutse pamalo opanikizika, khalani pamalo okwera muyang'ane kwa mphindi zosachepera 10, muone pamene mafunde aakulu akulekezera. Thanthwe lonyowa pamwamba kuli dzuwa likukuuzani kuti funde lafikapo posachedwa. Zipika zimene zili m'mphepete mwa madzi musakwerepo, funde laling'ono limatembenuza chipika cholemera kuposa galimoto. Pansi pa phompho dutsani osaima, makamaka mvula ikangogwa kumene, ndipo pamwamba pake musayandikire m'mphepete, chifukwa mafunde amakumba pansi n'kusiya dothi lolenjekeka.

Madzi akakutsekerani, musayese kudutsa m'mafunde ndipo musakwere phompho la dothi. Pezani malo okwera kuposa mzere wa zinyalala za m'nyanja, valani zofunda, dikirani. Pakatha maola ochepa njira idzatsegukanso.

Kuwoloka pamathiriro a mtsinje

Wolokani madzi ataphwa kapena atatsala pang'ono kuphweratu. Sankhani pamene mtsinje watambalala n'kugawika timifuleni, chifukwa pamene wapanikizika m'pozama ndi pothamanga. Pewani pakamwa penipeni pamene mtsinje ukukumana ndi mafunde: mchenga wa pamenepo umakokoloka pansi pa mapazi, ndipo mukagwa madzi amakutengerani kunyanja. Masulani lamba wa m'chiuno ndi wa pachifuwa kuti mukagwa muthe kuvula chikwama. Nsapato musavule, vulani masokosi okha. Yang'anani kumene madzi akuchokera, ndodo patsogolo, muziyenda chammbali, phazi limodzi likhazikike musanasunthe linalo. Madzi othamanga akapitirira m'mawondo, bwererani. Mvula ikagwa kumapiri mtsinje umadzaza ngakhale kugombe kuli ng'aa, ndipo zikatero tchati chanu sichikuthandizani, dikirani kapena tengani njira yothawira. M'madera otentha funsani oyang'anira paki za ng'ona musanalowe m'madzi a pamathiriro.

Kusankha pogona

Fikani pamsasa kutatsala maola awiri kuti dzuwa lilowe. Ngati paki ili ndi malo ake ogona, gonani pomwepo. Ngati yaloleza kugona pa gombe, yendani kaye muwerenge mchenga. Mudzaona mizere ya udzu wa m'nyanja, tizigoba ndi timitengo. Mzere wonyowa ndi wa kudzaza kwaposachedwa. Kumtunda kwake kuli wina wouma, wophwanyika mukauponda, wa kudzaza kwakukulu kwa masiku apitawo. Tenti ikhale kumtunda kwa mzere wapamwamba kwambiriwo, ndi malo otsala. Kenako tsegulani tchati muone ngati kudzaza kwa usiku uno kuli kokwera kuposa kwa masana, popeza kudzaza kuwiri kwa tsiku limodzi kawirikawiri sikufanana. Mphepo yamphamvu yochokera kunyanja imakankhiranso madzi kumtunda kuposa zimene tchati chanena. Gombe limene kumbuyo kwake kuli phompho lopanda pokwerera si logonapo, ngakhale likongole bwanji.

Musamange pa milu ya mchenga yomera udzu. Mizu ya udzu umenewo ndi imene imagwira mchenga, ndipo ukapondedwa n'kufa mphepo imakumba dzenje limene limakula chaka ndi chaka. Musamangenso m'khwawa louma kapena pansi pa mtengo wa nthambi zouma.

Zikhomo wamba sizigwira mumchenga, zimazuka ndi mphepo yoyamba. Chitani izi pa ngodya iliyonse ndi pa chingwe chilichonse: pezani kamtengo kolimba kotalika ngati mkono kuchokera pachigongono, kolowekani chingwe pakati pake, kumbani dzenje la masentimita 30 kapena 40, goneketsani kamtengoko chopingasa, kwirirani ndi kupondaponda. Mchenga ukakhala wouma kwambiri thirani madzi a m'nyanja musanaponde. Popanda mitengo, dzazani mchenga m'kathumba, mangani, kwirirani chimodzimodzi. Mfundo yokokera ikhale kunja kwa mchenga kuti muzitha kulimbitsa usiku, chifukwa nsalu ya nayiloni ikanyowa ndi mame imalendewera. Mbali yaifupi ndi yopapatiza ya tenti iloze kumphepo, khomo likhale kumbali ina. Kumbukirani kuti kunja kukakhala bata, masana kamphepo kamachokera kunyanja ndipo usiku kamatembenuka n'kuchokera kumtunda, ndiye mangani zingwe zonse, osati za mbali imodzi.

Mpweya wa kugombe ndi wachinyontho, ndipo m'mawa mudzapeza m'kati mwa nsalu yakunja muli madontho ngati mwavumbwa. Si kudontha ayi, ndi mpweya wanu womwe. Tsegulani timawindo tolowetsa mphepo usiku wonse, ndipo nsalu yakunja isakhudzane ndi yamkati. Zonyowa zigone pakhonde la tenti. Pakhomo yalani kansalu kopukutira mapazi, chifukwa mchenga ukalowa m'zipi umadya kachitsulo kotsekera mpaka zipi imayamba kutseguka kumbuyo. Kamswachi kakale kamachotsa mchengawo bwino.

Kuphika, moto ndi nyama

Kambaula ka gasi n'kodalirika kuposa nkhuni. Kachitini ka magalamu 230 kamakwanira anthu awiri masiku atatu kapena anayi akamaphika m'mawa ndi madzulo, koma mphepo imamaliza gasi msanga kwambiri, choncho phikirani kuseri kwa mwala kapena chikwama, mphika uli wovundikira. Chotchingira mphepo chisazungulire kachitini konse, chifukwa kakatentha kwambiri kakhoza kuphulika. Mbaula ikhale pa mwala wafulati kuti isamire mumchenga n'kugwetsa mphika. M'tenti musaphikiremo: mpweya wa poizoni wochokera ku moto sununkha, umagoneka munthu osadzukanso, ndipo nsalu ya tenti imayaka m'masekondi ochepa. Chakudya chikhale chouma ndi chopsa msanga, magalamu 700 mpaka 900 pa munthu pa tsiku, kuphatikizapo cha tsiku limodzi lapadera loti mwina madzi akuchedwetsani.

Kumene moto ndi wololedwa, kolezani waung'ono pa mchenga wopanda zomera, kumunsi kwa mzere wa kudzaza kwakukulu, kutali ndi milu ya zipika. Pozimitsa thirani madzi, vundulani, thiraninso mpaka phulusa lizizire loti n'kuligwira ndi dzanja. Kukwirira ndi mchenga sikuzimitsa. Makala amakhala amoto pansipo mpaka mawa, osaoneka, ndipo amawotcha phazi la mwana wodutsa wopanda nsapato.

Nyama za pamsasa zimasiyana malinga ndi dziko: kwina anyani ndi apusi, kwina makoswe ndi akhwangwala, kwina zimbalangondo. Ku gombe la Olympic National Park ku United States, aliyense wogona amayenera kusunga chakudya m'chigubu cholimba chimene nyama sizingatsegule. Kulikonse, chakudya, zinyalala, sopo ndi mankhwala otsukira mano zisagone m'tenti, ndipo musadyetse nyama iliyonse. Pa magombe oikira akamba am'nyanja, zimitsani matochi oyera usiku kapena gwiritsani ntchito kuwala kofiira. Tiana ta akamba tikaswa timalunjika kumene kukuwala, kumene mwachilengedwe ndi kunyanja, ndipo tochi kapena moto zimatisocheretsa kumtunda. Mbalame ikamalira ikuzungulira pamutu panu, kapena ikamathamanga ikukoka phiko ngati yathyoka, mazira ake ali pafupi pamchenga, ofanana ndi timiyala. Bwererani ku mchenga wonyowa.

Kumene kulibe chimbudzi, pitani kumtunda pa dothi, mamita 60 kuchokera ku madzi, njira ndi msasa, amene ndi mapazi pafupifupi 70 aakulu. Kumbani masentimita 15 mpaka 20, mukatha kwirirani. Mapepala ikani m'thumba mutuluke nawo. Mapaki ena amafuna kuti mutuluke ndi zonse, ndipo amanena zimenezi popereka chilolezo.

Zikavuta

Chifunga cha kunyanja chimabwera mofulumira ndipo chimabisa zizindikiro za njira. Mukasiya kuona chizindikiro chotsatira muli pamwamba pa phompho, imani mudikire. Chimabweranso ndi kuzizira. Munthu wonyowa wokhala pamphepo amazizidwa koopsa ngakhale kunja kusazizire kwenikweni. Akayamba kunjenjemera, kupunthwa, kulephera kutseka zipi ndi kulankhula mosokonekera, m'chotseni pamphepo, m'vuleni zonyowa, m'lowetseni m'chikwama chogonamo pa mphasa, ndipo ngati akutha kumeza bwino m'patseni chakumwa chotentha cha shuga. Mowa ayi.

Kusambira pa gombe lopanda opulumutsa anthu n'koopsa chifukwa cha mkokomo wa madzi obwerera kunyanja. Umaoneka ngati kanjira ka madzi odekha, akuda kapena amatope, pakati pa mafunde osweka, ndipo kudekhako n'kumene kumakopa anthu. Ukakutengani musalimbane nawo polunjika kumtunda. Yandamani, pumani, sambirani motsata gombe mpaka mutatulukamo, kenako mubwerere ndi mafunde.

Mphezi ikang'anima werengani masekondi mpaka bingu: masekondi atatu ndi kilomita imodzi. Akachepera 30, chokani pa gombe poyera ndi pamwamba pa phompho. Nthaka ikagwedezeka mwamphamvu, kapena nyanja ikaphwa mwadzidzidzi pa nthawi imene tchati sichinanene, siyani katundu muthamangire kumtunda, ndipo mukhale komweko chifukwa zimenezi ndi zizindikiro za tsunami, mafunde aakulu obwera ndi chivomezi, ndipo funde loyamba si nthawi zonse limakhala lalikulu kuposa onse. Poitana thandizo imbani wezulo katatu, pumani, bwerezani. Usiku chitani chimodzimodzi ndi tochi.

Ponyamuka ndi pofika kunyumba

Fukulani timitengo tonse munakwirira, fafanizani maenje, zungulirani pamsasa mutole ngakhale kachidutswa ka chingwe. Zigoba, miyala ndi zomera zisiyeni pomwe zili, m'mapaki ambiri kutola n'koletsedwa. Potuluka dziwitsani ofesi ya paki ndi munthu uja munamusiyira pepala, kuti asayambe kukufunafunani.

Tsiku lomwelo kapena mawa lake tsukani zonse ndi madzi opanda mchere: mapaipi a tenti mmodzimmodzi makamaka polumikizira, zikhomo, zipi, mbaula, mpeni, ndodo ndi timabowo ta zingwe za nsapato. Mchere ukatsala umadya aluminiyamu n'kumatanitsa mapaipi moti sasolokanso, ndipo pa chitsulo umabweretsa dzimbiri m'masiku ochepa. Yanikani tenti pamthunzi mpaka iume gwa, m'misoko momwe, musanaipinde. Yoipinda yonyowa imachita nkhungu, ndipo utoto woletsa madzi wa m'kati mwake umayamba kumata ndi kusupuka.